Khoma Limene Analeka Kulizira

Khoma la pamsika wakale wa mumzinda wa Nsangalabwi linagwa m'dzinja la chaka chimene khonsolo inatsegula mlatho watsopano. Linagwa masana mvula ikuvumba, ndipo palibe nyama imene inafa kapena kuvulala. Ambiri mpaka lero amaloza chala Kakowa, amene ankalemba mapulani a misewu ya mzindawo. Koma amene anapempha kuti khomalo litchingidwe anali Namzeze, ndipo anatero chifukwa cholikonda.

Khomalo palokha silinali lodabwitsa. Linali la zidina, loyambira pamene ankagulitsira tomato n'kukathera pokwerera mabasi, ndipo amene analimanga palibe ankamukumbukira. Chimene chinkalipatsa ulemu ndi mwambo umene nyama za mumzindamo zinkachita chaka ndi chaka.

Mvula ikasiya, mzinda wonse unkapatula tsiku lozira khoma. Okhala kumapiri ankabwera ndi katondo wofiira, akudambo ankasenza makande akuda, akumtsinje ankabweretsa dothi loyera, ndipo ophika pamsika ankawonjezerapo phulusa ndi makala. Ankazira pamwamba pa zithunzi za chaka chatha, zimene mvula inali itazisukulutsa kale, kenako n'kujambulapo zatsopano.

Pakhomapo ankajambula zimene zachitika m'chakacho. Kukabadwa mapasa, ankawajambula. Kukamwalira wina wodziwika, ankamuika pakona atanyamula katundu amene ankagulitsa. Ngalande ikatsekeka khonsolo ili chete, ankajambula Mvuu, meya wa mzindawo, atagona m'ngalandemo kukamwa kuli yasa. Ngalandeyo inkatsegulidwa msanga, chifukwa Mvuu sankafuna kukhala chigonere chaka chathunthu pamaso pa ogula ndiwo.

Ntchito yomaliza inali yoponda. Dothi lonse lotsala ankalikhuthulira patsinde pa khoma, ndipo aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ankapondapo uku akuimba. Njati inkaponda pambali pa mbewa, wakuba pambali pa wapolisi. Mlendo amene wapondapo tsiku limenelo sankatchedwanso mlendo.

Wotsogolera zojambula anali Bilimankhwe, mwamuna wa Namzeze. Ankayenda pang'onopang'ono pakhomapo, diso limodzi lili pachithunzi, linalo lili kwa mkazi wake. Namzeze ankauluka ndi mtsiro kukamwa kukamata pamwamba pamene ena sankafika, ndipo mwamunayo akati, “Pofiira pang'ono pamenepo, mayi,” iye ankakhala atatembenukira kale kumene kuli katondo. Anagwira ntchito choncho kuyambira ali achinyamata mpaka kukalamba, ndipo analibe ana.

Chaka chake chomaliza, Bilimankhwe anajambula msika wonse monga unkaonekera m'mawa, wogulitsa aliyense ali pamalo pake. Onse anavomereza kuti chithunzi chotere sichinakhalepo pakhomapo. M'chilimwe anadwala chifuwa, ndipo mvula yoyamba isanagwe anamwalira. Maliro atatha, Namzeze anapemphapempha mphasa zakale n'kuphimba chithunzicho, ndipo dzinja lonse ankazilondera kuti mphepo isazikanganule.

Mvula itasiya, kunabwera Nkhanga, mnzake wa kalekale, amene ankagulitsa mtedza moyang'anana ndi khomalo. Nkhanga anali wolongolola ndi wokonda kuseka, koma mtima wake unali wabwino. Anapeza Namzeze atachotsa mphasa, akuyang'ana chithunzicho chili chowala ngati chajambulidwa dzulo.

“Ee, achemwali, mwachisunga ndithu!” anatero Nkhanga. “Koma chaka chino amene andijambule aone bwino. Malemu anandipatsa khosi lalitali ngati la nthiwatiwa, ana akhala akundiseka chaka chonse.”

“Chaka chino sitizira,” anayankha Namzeze.

“Mwati bwanji?”

“Ndati khomali silizilidwa. Pali dzanja la amuna anga pamenepa.”

Nkhanga anaika dengu lake pansi. “Dzanja lawo lilinso kunsi kwa chimenechi, ndi kunsi kwakenso. Iwo eni ankafufuta zawo chaka ndi chaka akuimba mluzu. Inu simunawaone?”

“Ankafufuta podziwa kuti ajambula china. Tsopano ajambulanso liti?”

Nkhanga anatola dengu lake n'kubwerera kumtedza wake, akuganiza kuti ndi chisoni chabe, chitha chokha tsiku lozira likamayandikira. Koma Namzeze sanali mbalame yosiya chimene yagwira. M'mawa mwake anauluka ulendo wa ku ofesi ya khonsolo.

Kakowa anali mbalame yaukhondo, yoyera mbee, yokonda zinthu zowongoka. Sanali woipa mtima, ndipo sankalandira ziphuphu. Kungoti akaona matope ankakweza mwendo. Masiku amenewo anali ndi vuto: msewu waukulu wopita kumene ankamanga mlatho unkafunika kudutsa pamsika, ndipo khomalo linali pakati penipeni pa njira. Kuligwetsa ankaopa, kulilambalala sankadziwa kuti auza chiyani akuluakulu ake.

Anamvetsera pempho la Namzeze mpaka kumapeto, mutu atapendeketsa. Kenako anatambasula pepala la mapulani n'kuloza ndi mlomo. “Mayi, mwabwera nthawi yabwino. Tikhoza kulisandutsa chipilala cha mzinda, msewu n'kulizungulira. Tiliika denga la malata, mpanda wa waya, ndi mlonda.”

“Ndiye mvula siligwiranso?”

“Siligwira. Koma ndifunse, nanga tsiku lanu lozira lija?”

“Akazire kwina, bwana. Makoma ndi ambiri mumzinda muno.”

Kakowa anamuchenjeza: “Mudziwe kuti lamulo likakhazikitsidwa limakhala la onse. Tikati wina asakhudze, ndiye kuti ndi inu nomwe.”

“Ndi ine ndemwe,” anatero Namzeze. “Lembani choncho.”

Khonsolo sinakhalepo yachangu monga inachitira pa nkhani imeneyi. Mvuu anavomera asanamve n'komwe mbali yachiwiri, chifukwa anaona kuti khoma losakhudzidwa silingamugonekenso m'ngalande. Msika anausamutsira kutsidya kwa mtsinje kuti msewu upeze malo. Mpanda unazikidwa, malata anakhomedwa, ndipo Nungu analembedwa ntchito ya ulonda.

Uthenga sunafike kwa onse. Tsiku lozira litakwana, nyama zambiri zinatsika m'mapiri ndi kukwera kuchokera kudambo zitasenza dothi monga mwa nthawi zonse. Zinapeza chipata chokhoma, Nungu ataima kutsogolo kwake, ndi chikwangwani choletsa kukhudza. Pakati pawo panali banja la mbira limene linali litangosamukira mumzindamo, makolo ndi ana atasamba mapazi, akudikira kuponda.

“Ndiye katondoyu tidye?” anafunsa Nguluwe, wogulitsa chinangwa, thukuta lili kamukamu. “Ndachoka naye kuphiri kusanatenthe, msana wonsewu wofiira.”

“Ine ndangolembedwa ntchito, achimwene,” anatero Nungu. “Funsani eni ake.”

Maso onse anapita kwa Namzeze, amene anali atatera pawaya. Iye anayesa kufotokoza kuti chithunzi chotere sichidzapezekanso, kuti adzukulu awo adzachiona n'kudziwa mmene msika unalili. Palibe anamutukwana, popeza anali namfedwa. Anangokhuthula dothi lawo m'mbali mwa msewu mmodzimmodzi, ndipo ambira anabwerera kwawo mapazi ali oyera.

Nkhanga ndiye anatsalira pambuyo. “Achemwali,” anatero, “a Bilimankhwe tinawalira tonse. Koma inu mwawatenga nokha n'kuwatsekera m'khola.” Atanena zimenezo anachoka, ndipo panapita nthawi yaitali awiriwo osalankhulana.

Za kuzira kwina sizinachitike. Akumapiri anati akazire khoma la sukulu ya kwawo, akudambo anati la chipatala, ndipo eni makomawo anakana chifukwa anali atawapaka penti. Nkhaniyo inakambidwa pang'ono m'mabasi, kenako inazirala. Aliyense anali ndi zake zochita.

Chaka choyamba Namzeze anali ndi mtendere, kapena ankayesa kuti ali nawo. M'mawa uliwonse ankatera pawaya n'kuyang'ana msika wa pakhoma, ogulitsa onse ali m'malo mwawo, pamene msika weniweni unali utapita. Alendo ena ankatsika m'magalimoto, kuyang'ana kudzera m'mipata ya waya, n'kufunsa Nungu kuti anajambula ndani. Namzeze akamva dzina la mwamuna wake likutchulidwa, ankaona kuti anachita bwino.

Koma msewu wa phula utatha, magalimoto anayamba kuzungulira khomalo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Utsi unkalowa pansi pa denga n'kukakamira padothi, fumbi n'kubwera pamwamba pake. Poyera panayamba kutuwa, pofiira panada. Kusinthako kunali kwa pang'onopang'ono, kotero kuti Namzeze, amene ankachiona tsiku lililonse, ndiye anali womaliza kukuzindikira.

Denga linkatchinga mvula yochokera kumwamba, monga Kakowa analonjezera. Koma madzi ogwera pamsewu analibe dothi lolowamo, ndipo ankathamangira pakati, pamene panali potsika. Dzinja lililonse ankazungulira tsinde la khoma n'kumalinyambita. Chilimwe china Namzeze anaona mng'alu wochokera pansi, wodutsa pa mayi wogulitsa nthochi n'kukathera m'mitambo ya pachithunzipo.

Anauluka kupita kumtsinje, nabwerako ndi matope kukamwa, nalumpha mpanda. Nungu anamuona. Nungu anali wamantha pa za ntchito, chifukwa anali ndi banja lalikulu, koma Bilimankhwe anamujambulapo kale bwino, minga yonse itagona.

“Mayi, mukutani pamenepo?”

Namzeze anayamba wamata matopewo, kenako n'kuyankha. “Ndikutseka mng'alu, a Nungu. Taonani, dzanja lanu likhoza kulowa.”

“Ndinauona kale. Koma chikwangwani chija munachivundukula ndinu, a Meya ataima pambali panu.”

“Ndikudziwa zimene chikunena.”

Nungu anayang'ana uku ndi uku, napuma mozama. “Ine khosi langa lauma masiku ano,” anatero. “Ndikayang'ana kumsewu, kucheuka kumandivuta.” Anatembenuza mpando wake n'kukhala chofulatira khoma.

Chilimwe chonsecho Namzeze ankauluka pakati pa mtsinje ndi khoma. Mlomo wa namzeze umanyamula dothi lochepa kuposa njere ya nyemba, ndipo kale zimenezo sizinkaoneka chifukwa iye ankangomalizitsa pamwamba, mzinda wonse utazira pansi. Tsopano akatseka mng'alu umodzi, ankapeza ina iwiri itatseguka. Mapiko anayamba kumupweteka, nthenga za pakhosi zinathothoka, ndipo tsiku lina chibuma chonse chinagwa pamaso pake, chitatenga mutu wa wogulitsa makala.

Pamenepo anawoloka mtsinje kupita kumsika watsopano. Anapeza Nkhanga atakhala mu shedi ya malata yotentha, akukupiza ntchentche. Nkhanga anamuona akubwera, nakweza mawu kuti oyandikana nawo amve.

“Taonani alendo ochokera kuchipilala! Mwabwera kudzatchinganso kuno? Samalani musakhudze mtedza wanga, ndi woletsedwa.”

Ena anaseka. Namzeze anatera m'mphepete mwa dengu, ndipo Nkhanga ataona mmene anaondera, kuseka kunamuthera.

“Khoma likugwa, achemwali,” anatero Namzeze.

“Tamva.”

“Ndabwera kudzapempha kuti tikalizire.”

“Ndi chithunzi chomwe?”

Namzeze anayang'ana pansi. “Ndi chithunzi chomwe.”

Nkhanga anamenya mtedza umodzi, nauphwanya tizidutswa, naukankhira kwa mnzake. “Idyani kaye. Mukuoneka ngati ndodo yotakasira nsima ya agalu. Malizani mtedzawo, kenako tipite kwa bwana wanu woyerayo.”

Kakowa sanavute. Iye mwini anali ataona ming'aluyo podutsa, ndipo sankafuna kuti chipilala chimene anakonza chigwe. Koma anati chipata sichingatsegulidwe khonsolo isanasinthe lamulo, ndipo mzinda sungafike pakhoma msewu usanatsekedwe. Mlatho unali utangotsegulidwa kumene, ndipo magalimoto onse olowa ndi otuluka mumzinda ankadutsa pomwepo.

Khonsolo imene inathamanga potseka inayenda ngati nkhono potsegula. Ena anati amalonda aluza, ena anati alendo adandaula. Mvuu anangofunsa funso limodzi: “Akazira, ajambulanso?” Pamene chilolezo chinkatuluka, mitambo inali itayamba kale kusonkhana kum'mawa, ndipo anawapatsa m'mawa umodzi wokha, kuti dzuwa likafika paliwombo msewu utsegulidwe.

Nkhanga anayenda mzinda wonse akulengeza ndi mawu ake okuwa aja. Kudambo anapeza kuti pamene ankakumba makande pagawidwa mapoloti, ndipo pamangidwa nyumba za njerwa. Kuphiri, malo a katondo anali atatchingidwa ndi kampani yophwanya miyala. Nguluwe anamuyankha ali chikhalire: “Katondo wanga ndinamukhuthula pamsewu paja. Akatole yemweyo.”

Ena sanakane mwamwano, kungoti tsiku linali lamalonda, ndipo msika unali kutali. Achinyamata ankafunsa kuti kuzira n'kutani, ndipo kodi pali malipiro. Banja la mbira lija linali litasamukira kumzinda wina. Oyandikana nalo anati linkadandaula kuti kuno silikuzolowera.

M'mawa wa tsikulo panabwera nyama zochepa, zambiri zake nkhalamba. Dothi limene zinabweretsa linali la kumtsinje lokha, m'zidebe ndi m'miphika yakale. Nungu anatsegula chipata, navula chipewa chake cha ulonda, natenga chidebe. Kakowa nayenso anabwera, naima chapatali pouma.

Onse anadikira Namzeze. Mwambo unali wakuti woyamba kuzira ndi wotsogolera zojambula, ndipo wotsogolera anali atapita. Namzeze anatapa mtsiro, nauluka mpaka pamwamba, nayandama pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana msika wa mwamuna wake, wotuwa, wong'aluka, koma wodziwikabe. Kenako anamata pakona ya kumanzere, pamene Bilimankhwe ankayambira nthawi zonse.

Mtsirowo unakana kugwira. Mwaye wa magalimoto unali utapanga khungu loterera, ndipo dothi likamatidwa linkatsetsereka n'kugwa. Anayenera kuyamba apala ndi zigoba ndi timitengo, ndiye kuti chithunzicho sanachiphimbe monga ankachitira kale, chatsopano pamwamba chakale chili chigonere mkati. Anachipala, ndipo chinagwa pansi ngati fumbi. Namzeze anapala nawo.

Nkhanga atafika pamene panali chithunzi chake, anaima. “Khosi limeneli,” anatero, “ndinkawanamizira malemu. Ndi langa ndithu.” Anapukuta m'maso ndi phiko n'kupitiriza kupala.

Atazira gawo limodzi, anakhuthulira dothi lotsala patsinde kuti aponde. Pamenepo Kakowa anayandikira, naweramira pamene madzi anakumba. Mkati mwa dzenjelo munkaoneka dothi la zaka zambirimbiri losanjikizana, lolimba ngati mwala, lodzala zidindo za mapazi: ziboda, zikhadabo, timapazi ta ana. Mulu umenewo unali wotsetsereka, ndipo kale ndiwo unkakankhira madzi kutali ndi zidina. Tsopano unali utadyeka mpaka mkati.

“Ine ndinkayesa kuti kupondaku kunali kuvina chabe,” anatero Kakowa.

“Nafenso tinkayesa choncho, bwana,” anayankha Namzeze.

Kakowa anayang'ana miyendo yake yoyera, kenako analowa m'matopemo n'kuyamba kuponda. Koma kakowa ndi mbalame yopepuka, ndipo anzake anali nkhanga, nungu, namzeze ndi nkhalamba zingapo. Njati kunalibe, nguluwe kunalibe. Anayesa kuimba nyimbo yopondera, koma wotsogolera anaiwala mawu pakati, ndipo otsatira anali ochepa moti inkamveka ngati ya pamaliro.

Dzuwa linafika paliwombo asanafike n'komwe pakati pa khoma. Magalimoto amene anali ataima mzere mpaka kumlatho anayamba kuliza mahutala. Apolisi anachotsa zotchinga, ndipo nkhalamba zija zinawoloka msewu mothamanga, zidebe zili m'manja. Kakowa analonjeza kuti akapempha m'mawa wina, ndipo anakapemphadi, koma khonsolo inati ikambirana mvula ikatha.

Mvula ya chaka chimenecho sinali yoopsa kuposa ya zaka zina. Inagwa monga imagwera, ndipo madzi a pamsewu anapita kumene ankapita. Dothi limene anapondaponda m'mawa uja linakokoloka sabata yoyamba. Namzeze ankakhala pansi pa denga, pamtanda wa malata, akumva zidina zikumwa madzi.

Tsiku limene linagwa, Nungu ndiye anaona kuti khoma lapendekeka. “Mayi, chokani pamenepo!” anakuwa. Namzeze anauluka, natera pawaya. Khomalo silinachite phokoso lalikulu. Linangofooka m'munsi n'kukhala pansi ngati nkhalamba yotopa, denga n'kutsala chiimire pamwamba popanda chotchinga.

Madzi anayamba kusungunula muluwo nthawi yomweyo. Zithunzi za zaka zonse, za Bilimankhwe ndi za amene anamuphunzitsa ndi za amene palibe ankawadziwa, zinasanduka matope amodzi. Zofiira, zakuda ndi zoyera zinayenderera pamsewu, magalimoto n'kumazipondaponda. Namzeze anayang'ana mpaka mvula inakata.

Nkhanga anafika madzulo ali chinyowere, atamva uthenga kumsika. Anaima pafupi ndi waya, nayang'ana muluwo, nayang'ananso mnzake. “Tiyeni kwathu, achemwali,” anatero. “Pano palibenso cholondera.”

“Ndikadalola chaka chija, bwenzi amuna anga ali mkatimo,” anatero Namzeze. “Bwenzi tikudziwa kuti ali kunsi kwa zatsopano.”

“Mwina. Tiyeni, mukunjenjemera.”

M'mawa mwake khonsolo inatumiza ngolo kudzachotsa dothilo, chifukwa linkatseka ngalande. Analitaya kudzala la zinyalala kunja kwa mzinda. Denga analiphwasula, malata ake n'kukafolera chimbudzi cha kumsika. Nungu anamusamutsira kukalondera mlatho.

Lero pakati pa msewu wozungulirawo pali kapinga, ndipo khonsolo imamutchetcha bwino. Kakowa anasiya malo m'mapulani ake, kuseri kwa msika watsopano, akuti ndi a khoma lina, koma palibe amene waumba chidina ndi chimodzi chomwe. Namzeze amakhala kwa Nkhanga, ndipo amamuthandiza kusankha mtedza wowola. Mzinda wa Nsangalabwi wakula, misewu yake ndi yowongoka, ndipo ulibe tsiku limene nyama zake zonse zimakumana.

Phunziro: Zinthu zina za mumzinda zimakhala ndi moyo chifukwa ambiri amazigwira, kuzisintha ndi kuzikonzanso pamodzi. Tikazitchinga kuti zisasinthe, ngakhale titachita zimenezo mwachikondi, timachotsa manja amene ankazichirikiza. Tisanaletse mwambo, tiyambe tafufuza ntchito imene ukugwira, chifukwa nthawi zina ngakhale eni ake saidziwa.